Kodi Mkristu Acite Ciani ndi Nkhawa Zace?



Pali mlendo wina amene amalowa m'nyumba zathu usiku wosagogoda pakhomo. Nyali zazimitsidwa, ana agona, agalu a m'komboni aleka kuuwa, koma bambo wa nyumba ali cigonere cagada, maso ali kumalata, alikuwerengera ndi kubwerezanso kuwerengera. Amai naonso ali maso, koma atembenukira kukhoma ndi kucita ngati ali m'tulo, kuopa kuonjezera katundu pa mwamuna wao. Yense adziwa kuti mnzace sanagone, koma palibe woyamba kulankhula, kufikira tambala alira. Mlendo ameneyu dzina lace ndiye nkhawa, ndipo ndiyesa kuti palibe mmodzi mwa inu amene sanamlandirepo.

Zimene alikuwerengera bambo uja muzidziwa. Kunchito kwamveka mphekesera yakuti ena adzacotsedwa pakutha pa mwezi. Kaloba amene anatenga pa Krisimasi wabala ana ndi adzukulu. Mwana wamkulu wakhoza mayeso ace, ndipo ku koleji afuna ndalama. Lamya yabwera yocokera ku Petauke kuti agogo adwala, ndipo m'nkhokwe mwatsala zitsononkho zokha. Pamwamba pa zonsezi pali kacifuwa kamene kakana kutha, pamene tsiku lakukapimidwa mapapo ku Kitwe liri pafupi.

Ndiyambe ndi kubvomera kuti nkhawa zotere si zacibwana ai. Munthu wa ku Migodi adya mkuwa, koma mtengo wa mkuwa sauika iye. Uikidwa pa msika wa ku London ndi anthu amene sanaonepo Wusakile kapena Kankoyo. M'caka ca 1930 Aafirika ogwira nchito m'migodi ya dziko lino anali ngati 30,000. Malonda atagwa pa dziko lonse lapansi, migodi ya Bwana Mkubwa ndi Mufulira inatsekedwa mu 1931, ndipo pofika kumapeto kwa 1932 otsala pa nchito sanafike 7,000. Mu 1956 tani imodzi ya mkuwa inagulidwa mapaundi oposa 400. Mu 1958 inali pansi pa 200, ndipo mgodi watsopano wa Bancroft, umene lero tiucha Konkola, unaima pafupifupi caka cathunthu. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, utadyetsa anthu zaka pafupifupi 90. Mu 2008 mtengo unatsika kucokera pafupi ndi madola 9,000 m'July kufika ngati 3,000 m'December, ndipo a ku Luanshya anaona zipata za mgodi wao zitatsekedwa. Cotero munthu akamva mphekesera, mtima wace ndi kuti myuu, ine sindimseka. Agogo ace ndi atate ace anaziona zimenezi.

Cifukwa cace sindidzakuuzani kuti mukakhulupirira Mulungu simudzacotsedwa nchito, kapena kuti mwala sudzagwa pamene muli inu. Alipo alaliki ena amene anena zotero, makamaka akaona kuti m'thumba mwanu muli kanthu. Ine ndiwaopa anthu otere koposa mwini kaloba, pakuti uyu atenga ndalama zokha, koma iwo, tsiku limene lonjezo lao lalephera, atenga ndi cikhulupiriro comwe. Funso lathu ndi lina: popeza mabvuto alipodi, Mkristu acite ciani ndi nkhawa zace?

Poyamba dziwani kuti Mau a Mulungu saiwala munthu wa pansi pa nthaka. Ambiri a inu simunawerengepo mutu 28 wa buku la Yobu, kauwerengeni, mudzadabwa. Mlembi wace afotokoza anthu okumba siliva, golidi, citsulo ndi mkuwa: m'mene aboolera dzenje kutali ndi midzi, m'mene alendewera pa zingwe mu mdima, m'mene alimbanira ndi madzi a pansi, ndi kulowa m'njira zimene ngakhale mphamba ndi mkango sazidziwa. Anthu amenewo anakhalako zaka zoposa 2,000 zapitazo, analibe magetsi kapena mapampu, koma mantha ao anali omwewa anu. Mlembiyo awalemekeza cifukwa ca luso lao, ndipo atatero afunsa kumene nzeru ipezeka, popeza siikumbidwa ngati mkuwa. Yankho lace ndi lakuti iri m'kuopa Mulungu. Tsono ngati Mulungu anaona anthu aja pa zingwe zao, inunso akuonani pa levulo yanu.

Tsopano tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu azisokoneza, ndizo kusamala ndi kuda nkhawa. Inu a pansi mudziwa cimene munthu acita akafika pamalo pamene anzace aphulitsa miyala. Sayamba ndi kulaisha ai. Athira madzi kuti pfumbi ligone, atenga mgwala wace, naima pamalo olimba, nagogoda denga. Mwala wolimba ulira ngati belu. Mwala wosweka m'kati ulira ngati cigubu copanda madzi. Akamva kulira kwa mtundu waciwiriwu augwetsa mwalawo, kapena aitana kapitao kuti aikepo zocirikiza, ndipo pokhapo ayamba nchito. Uku ndiko kusamala, ndipo kumkondweretsa Mulungu. Munthu wolowa pansi pa denga losayesedwa, ndi kumati Mulungu adzandisunga, ameneyo alikuyesa Mulungu. Ndipo mukumbukira kuti Ambuye Yesu mwini, Satana atamuuza kuti adzigwetse kucokera pamwamba pa Kacisi, anakana.

Koma taganizani munthu amene wagogoda denga, walipeza lolimba, watsiriza shifti yace, wakwera, wasamba, wafika kunyumba, ndipo ali pa bedi apitirizabe kugogoda denga lomwelo mumtima mwace usiku wonse. Kodi mwala ulimba cifukwa ca kusagona kwace? Iai, koma m'mawa adzatsika ali ndi maso olemera ndi manja onjenjemera, ndipo munthu wotere ndiye abvulala msanga, nabvulazanso anzace. Uku ndiko kuda nkhawa. Kusamala kuli ndi manja, kucita kanthu ndi kupuma. Nkhawa iri ngati galimoto lotitimira m'matope a m'January, limene magudumu ace azungulira, mafuta alikutha, koma silisuntha. Cotero cinthu cikakusowetsani tulo, dzifunseni kuti, kodi pali cimene dzanja langa lingacite pa ici lero kapena mawa m'mawa? Ngati ciripo, monga kupita kwa mwini kaloba kukapangana naye za kabwezedwe, kapena kupita naco ku cipatala cifuwa cija, citani msanga, pakuti mlandu suola. Ngati palibe, ndiye kuti katunduyo si wanu. Ngwa Mwini wina.

Pa mgodi uja wa Konkola ku Chililabombwe pali phunziro limene ndilikonda. Uwu ndi umodzi wa migodi ya madzi ambiri koposa pa dziko lonse lapansi: mapampu ace atulutsa madzi oposa matani 300,000 tsiku liri lonse, ndi kuwataya ku mtsinje wa Kafue. Akaima, mgodi uyamba kumira. Koma taonani, palibe injiniya, ngakhale wophunzira cotani, amene angapope lero madzi a mawa. Madzi a mawa akali m'miyala. Adzafika mawa, ndipo mapampu adzakomana nao mawa. Nchito ya lero ndiyo kucotsa a lero, ndi kuona kuti makina ali bwino.

Ici ndico cimene Ambuye Yesu anaphunzitsa pa phiri, monga tiwerenga pa Mateyu 6, kuyambira ndime 25 kufikira 34. Kumbukirani amene analikumva: asodzi, alimi a minda yaing'ono, ndi anthu aganyu amene anali kuima pamsika m'mamawa kudikira wowalemba, nalandira malipiro a tsiku limodzi dzuwa litalowa. Sanali anthu a penshoni. Kwa iwo analoza mbalame ndi maluwa a kuthengo, nawafunsa ngati Atate wodyetsa mbalame angaiwale ana ace. Anawafunsanso ngati alipo munthu amene anatalikitsapo moyo wace cifukwa ca kudandaula. Natsiriza ndi kuwauza kuti mabvuto a tsiku limodzi ndi katundu wokwana, asasanjikizepo a mawa. Ena awerenga mau awa ngati cilolezo ca ulesi. Koma ndani anaonapo mpheta itakhala pa nthambi, kukamwa kuli yasa, kudikira kuti mapira agwe kucokera kumwamba? Mbalame ilawira koposa munthu wa shifti ya m'mawa. Cimene siicita ndico kucezera usiku wonse kuganiza za cakudya ca mwezi wa mawa.

Aisrayeli m'cipululu anaphunzira zomwezi ndi mimba zao. Pa Eksodo 16 timva kuti mana anali kupezeka m'mawa, ndipo munthu yense anatola muyeso wa tsiku limodzi. Pa tsiku lacisanu ndi cimodzi lokha anatola wa masiku awiri cifukwa ca Sabata. Ena, mwa mantha, anabisako wina kuti adzadye mawa, ndipo kutaca anapeza mphutsi ndi kununkha. Anadya motero zaka 40. Musandimve molakwa: kusunga ndalama si chimo. Yosefe ku Igupto anasunga tirigu zaka 7 za dzinthu napulumutsa dziko lonse ku njala, ndipo wa mgodi wanzeru amanga kanyumba ndi kulima kamunda nchito ikalipo. Cimene sicisungika ndico mphamvu ya mtima. Mulungu apatsa mphamvu ya Lolemba pa Lolemba, ya Laciwiri pa Laciwiri. Inu mukasenza lero maliro amene sanacitike, ndi njala ya caka ca mawa, ndi kalata yocotsedwa nchito imene sinalembedwe, mulikusenza katundu wa masiku ambiri ndi mphamvu ya tsiku limodzi. Nanga msana ulekerenji kuthyoka?

Wina adzati, Zonsezi ndamva, koma cikhulupiriro canga ncacing'ono. Ndipemphera, koma mantha sacoka. Mbale wanga, kumbukirani tsiku lanu loyamba kulowa m'kheji. Citseko cinatsekedwa, belu linalira, pansi panathawa mapazi anu, matumbo anakwera kukhosi, makutu anatseka, ndipo munagwira malaya a mnzanu. Pambali panu panaima mdala wa zaka 20 pa nchito, alikuyasamula ndi kukamba za mpira wa Nkana ndi Mufulira Wanderers. Nanga ndani mwa inu awiri anafika bwino pansi? Nonse awiri, pa mphindi imodzimodzi. Kulimba mtima kwa mdala uja sikunaonjeze kanthu pa cingwe, ndipo mantha anu sanadule kawaya ngakhale kamodzi. Cimene cinakusungani pamwamba pa dzenje lakuya mamita oposa 1,000 ndico cingwe cimene simunacipote inu, ndi woyendetsa makina amene simunamuone nkhope. Mbali yanu inali imodzi yokha: munalowa. Fanizo liri lonse litsimphina, ndipo ilinso litero, pakuti cingwe ndi nchito ya anthu, cimatha, ciyenera kupimidwa ndi kusinthidwa, pamene Mulungu satha. Koma mfundo yace iima: munthu sapulumuka ndi kukula kwa cikhulupiriro cace, apulumuka ndi mphamvu ya Iye amene amgwira. Ndiponso mdala uja sanabadwe wopanda mantha. Anatsika ndi kukwera kambirimbiri kufikira mtima unazolowera. Kukhulupirira Mulungu nakonso kukula motero, ndi masiku.

Nanga katunduyo timtula bwanji? Paulo analembera Akristu a ku Filipi ali m'ndende, osadziwa ngati mlandu wace udzatha ndi kumasulidwa kapena kuphedwa; cotero pamene anena za nkhawa pa mutu 4, ndime 6 ndi 7, sanena ngati munthu wokhuta. Njira imene apereka ndi iyi: cinthu ciri conse cimene cikubvutani, cisandutseni pempho, ndipo pempholo lipite pamodzi ndi ciyamiko. Ambiri a ife tipemphera mau akulu-akulu a m'chalichi, za dziko lonse ndi za amitundu, koma dzina la kaloba sitilichula, ngati kuti Mulungu acita manyazi ndi makwacha. Chulani cinthuco ndi dzina lace ndi mtengo wace. Nenani kuti, Atate, ndiri ndi ngongole yakuti-yakuti, ndiopa kalata ija, ndiopa zimene adotolo adzapeza. Nkhawa yosachulidwa iri ngati cinthu cokwawa pa denga mu mdima, cimene munthu angayese nyalugwe. Akayatsa nyali apeza kawiri-kawiri kuti ndi khoswe, ndipo ngakhale akhale nyalugwe ndithu, kuli bwino kumuona. Ciyamiko naco ciri ndi nchito yace. Pamene muwerenga zimene Mulungu anakucitirani kale, nthawi ija mwana anacira, nthawi ija nchito inatha koma simunafe ndi njala, muli ngati munthu wowerenga maulendo amene cingwe cinamkweza bwino. Ndipo zindikirani kuti Paulo salonjeza kuti ngongole idzasungunuka. Alonjeza mtendere umene udzaima ngati mlonda pa khomo la mtima.

Musayesenso kuti kubvutika mtima ndi chimo limene muyenera kubisa. M'munda wa Getsemane Ambuye mwini anagwidwa ndi cisoni coopsa, sanacibise kwa Petro, Yakobo ndi Yohane, napempha katatu kuti cowawa cimene cinali patsogolo cimpitirire. Sicinampitirire. Koma ananyamuka pamenepo ndi mtima wokhazikika, atapereka cifuniro cace m'manja mwa Atate.

Apa ndifika pa mbali yolimba ya nkhani yathu. Ambiri mukumbukira za anzanu a ku Chile, dziko limene liposa onse pa kukumba mkuwa. Pa 5 August, 2010, mgodi wa San José unagumuka, ndipo amuna 33 anatsekeredwa mamita ngati 700 pansi. Masiku 17 panalibe wa kunja amene anadziwa ngati ali moyo. Iwo anagawana cakudya cocepa cimene anapeza m'cipinda cothawiramo, masupuni awiri a nsomba ya m'citini ndi kamkaka pang'ono pa masiku awiri ali onse, anagawana nchito, ndipo tsiku ndi tsiku anasonkhana kupemphera, Akatolika ndi a mipingo ina pamodzi, motsogozedwa ndi mnzao José Henríquez. Analibe mphamvu pa makina oboola amene anali kuwafunafuna pamwamba. Anali ndi mphamvu pa supuni ndi pa pemphero la tsiku limenelo, ndipo anagwira zimenezo. Pa 13 October, atakhala masiku 69, anatulutsidwa mmodzi-mmodzi, onse amoyo, kapitao wao Luis Urzúa ndiye wotsiriza.

Nkhani imeneyi ikoma kuikamba. Koma ife a dziko lino tiri ndi ina. Usiku wa pa 25 September, 1970, ku Mufulira, matope a m'damu la zotsalira za miyala anaboola nthaka nalowa mu mgodi, ndipo amuna 89 a shifti ya usiku sanabwerenso kwao. Kodi tinene kuti a ku Chile anapemphera koposa a ku Mufulira? Kapena kuti akazi amene anaima pa shafti m'mawa mwace anali ocepa cikhulupiriro? Mulungu atiletse kunena mau otere. Pa Luka 13, pamene anthu anakamba ndi Yesu za imfa zoopsa, Iye anachula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nanena poyera kuti sanali ocimwa koposa anzao. Cifukwa cimene ena atuluka ndi ena atsala ciri cobisika kwa anthu, ndipo munthu amene akuuzani kuti iye acidziwa, cenjerani naye.

Cimene tapatsidwa ndico citsanzo ca anyamata atatu aja a m'buku la Danieli, mutu 3, amene anaima pamaso pa Nebukadinezara ng'anjo irikuyaka. Anauza mfumu kuti Mulungu wao akhoza kuwalanditsa, ndiponso kuti ngakhale asawalanditse, fano lace sadzaligwadira. Mau awiriwo ayenda pamodzi, ndipo wokhulupirira amene adziwa oyamba okha adzagwa pa tsiku la maliro. Mkristu akhulupirira Mulungu amene Mwana wace anaikidwa m'manda osemedwa m'thanthwe, mwala waukulu nutseka pakhomo, ndipo anatulukamo tsiku lacitatu; cotero palibe dzenje lakuya kwakuti dzanja lace silingafikeko, kaya munthu atuluke lero, kaya pa tsiku lomaliza. Kwa mai wamasiye awa si mau opepuka, ndipo sayenera kunenedwa mothamanga kapena pa tsiku loyamba la maliro. Koma ndiwo maziko, ndipo zonse zimene ndanena madzulo ano zimangidwa pamenepo.

Tibwerere tsopano ku nyumba ija tinayambira, kumene awiri agona moyang'ana kosiyana. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Abambo, auzeni amai za mphekesera ija ndi za kaloba uja. Mudzati muwasungira mtendere, koma iwo aona kale kuti nsima muibweza, ndipo popeza simunena kanthu, alikuganiza zoipa zoposa: kapena pali mkazi wina, kapena matenda. Kunena zoona kudzabala mkangano wa usiku umodzi. Kubisa kubala wa caka conse. Ndipo mukatha kukambirana, gwadani pamodzi, ngakhale mau akhale owerengeka.

Mpingo nao unaikidwira zomwezi. Kodi mudziwa kuti m'matauni a ku Migodi Aafirika anayamba okha mpingo wao, amishoni asanakhazikike m'makomboni? Ca m'ma 1925 anchito ocokera ku Nyasaland ndi m'zigawo zina za dziko lino, ophunzira ku mamishoni osiyana ndi olankhula zinenero zosiyana, anayamba kusonkhana ku Ndola, nasankha akulu ao, nasonkha ndalama zao zoyendetsera nchito ya Mulungu. Amishoni ogwirizana anadza pambuyo, mu 1936, ndipo mpingo uja uli umodzi wa mitsinje imene inathira mu United Church of Zambia mu 1965. Anthu aja anali alendo, kutali ndi amalume ndi ankhoswe, ndipo anadziwa kuti munthu sakhoza kukhala yekha m'komboni. Lero tiri ndi zigawo, miphakati ndi mabungwe a amai. Pitani kumeneko ndi nkhawa yanu yeniyeni, osati ndi suti yokha. Ndipo inu amene mwezi uno zinthu ziri bwino, dziwani kuti kawiri-kawiri yankho la pemphero la mnansi wanu liri m'thumba la ufa la m'nyumba mwanu.

Za malo ena kumene anthu apita nazo nkhawa zao sindidzatalikitsa. Mowa ubwereketsa tulo ta usiku umodzi pa ciongola dzanja coposa ca kaloba. Njuga ya mpira ya pa lamya yadya malipiro a anyamata ambiri. Ndipo wopita kukaombeza kuti adziwe amene alikumlodza kunchito abwerako ndi nkhawa yace yomwe ija, ataonjezapo udani ndi mnzace wa pa shifti, amene mawa adzamuunikira ndi nyali.

Pali mau amodzi amene sindingawasiye. Nkhawa ina ndi nthenda, monga malungo ali nthenda. Munthu akakhala masabata ambiri wosagona, wosafuna cakudya, mtima ulikugunda popanda cifukwa, kapena akabwerera-bwerera m'maloto ku ngozi imene anaiona, ndipo makamaka akayamba kuganiza zodzipha, ameneyo apite ku cipatala msanga, ndipo abale amperekeze, osamseka kapena kumcha wamisala. Ambiri a amuna 33 aja a ku Chile, atatuluka, anabvutika ndi maloto oipa ndi kusowa tulo, nafuna cithandizo ca madotolo, angakhale anali anthu opemphera. Kumwa mankhwala si kukana Mulungu. Mneneri Eliya, atathawa Yezebeli, anagona pansi pa kamtengo m'cipululu napempha imfa. Ndipo pa 1 Mafumu 19 tiona kuti Mulungu sanayambe ndi kumdzudzula. Anamlola agone, namtumizira mkate ndi madzi kawiri, ndipo mau anadza pambuyo pace.

Nthawi yanga yatha, ndipo ndidziwa kuti ena a inu mulikumanga kale nsapato za shifti ya usiku. Amai, aikireni kamba wao, ndipo musanatsegule citseko imani pamodzi kamphindi, muchule pamaso pa Mulungu cinthu cimodzi cimene cakusowetsani tulo sabata lino. Pambuyo pace abambo akatenge nyali yao, akagogode denga monga mwa masiku onse. Amai atseke pakhomo, azime nyali, agone. Tsalani bwino nonse.